Tibwezereni Nyimbo Paukwati

Chaka chatha ndidali nkhoswe paukwati wa mwana wa malemu mlongo wanga mumzinda wa Lilongwe. Mtsikanayu adaleredwa ndi agogo ake, omwe ndi mayi anga, kumudzi kwathu ku Ntchisi. Uthenga wa ukwati utafika kumudzi, mayi adasonkhanitsa amayi anzawo 12, ndipo kwa mwezi wathunthu ankakumana madzulo pabwalo kukonzekera nyimbo zodzaperekezera mdzukulu wawo. Adasonkherana ndalama, nagula nsalu yofanana, nakwera lole usiku atanyamula ng'oma zawo ziwiri. Tsiku la ukwati madyerero adayamba 2 koloko masana. Pofika 4 koloko mayi adandikodola, nandinong'oneza kuti, "Kodi bambo, ife tiyimba nthawi yanji?" Ndidayang'ana papepala la ndondomeko ya mwambo lomwe ine ndemwe ndidalivomereza kukomiti. Padali perekaniperekani wa akuchikazi, wa akuchimuna, wa anzawo akuntchito, wa ampingo, wa keke ndi wa maapozi. Dzina la amayi akumudzi padalibe. Ndidasowa choyankha.

Chidandipulumutsa ndi kuzima kwa magetsi. Zokuzira mawu zidangoti zii, jenereta idakana kulira, ndipo anthu pafupifupi 300 adangokhala duu kuyang'anana. Apo mayi adaimirira nayambitsa nyimbo. Anzawo adavomera, ng'oma idalira, nthungululu idang'amba holo. Akuchimuna, omwe adachokera ku Mzimba, sadafune kugonja. Madoda adavula majekete nayankha ndi ingoma, yomwe siidikira ng'oma pakuti mapazi ogunda pansi ndiwo ng'oma yake. Mkwatibwi, yemwe tsiku lonse adangoima atagwira lichero ngati wopemphetsa, adalitula pansi nakavina ndi agogo ake misozi ili m'masaya. Zidatenga mphindi 20. Magetsi atayaka, mtsogoleri wa mwambo, yemwe masiku ano timangomuti MC, adatenga chimkuzamawu nati, "Pepani kwambiri chifukwa cha nthawi yomwe tataya, tiyeni tibwerere ku pulogalamu yathu."

Mawu amenewo akhala akundisowetsa tulo. Munthu uja sadanene mwachipongwe ayi. Adanena zomwe ambiri a ife tayamba kukhulupirira, zoti paukwati nthawi yoyimba ndi kuvina ndi nthawi yotayika, ndipo nthawi yaphindu ndi yomwe ndalama zikugwera m'lichero. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Nyimbo ndi gule ndiwo ntchito yeniyeni ya tsiku la ukwati, ndipo mtundu womwe walola kuti nyimbo isanduke kapolo wa lichero la ndalama wadzibera wokha. Ndikulemba izi ngati mmodzi wa olakwa, pakuti ndondomeko yomwe idaiwala mayi anga ija idadutsa m'manja mwanga.

Kuti timvane bwino, tiyambe tafunsa: kodi makolo athu ankayimbiranji paukwati? Choyamba, nyimbo idali umboni. Kale kudalibe setifiketi ya kwa DC kapena kaundula wa kutchalitchi. Chomwe chinkasiyanitsa ukwati ndi chibwenzi chozemberana chidali chakuti ankhoswe akumana ndipo mudzi wonse wamva. Nanga mudzi unkamva bwanji? Ng'oma ikalira usiku wa mchezo, midzi yoyandikana inkadziwa kuti mwana wa auje wapeza banja, ndipo aliyense yemwe adavina pabwalo paja ankasanduka mboni. Mawa banja likagwedezeka, mwamuna sakadatha kukana mkazi wake pamaso pa anthu omwe adatuluka thukuta pomuvinira. Lero tili ndi lamulo la maukwati la 2015, tili ndi mapepala osayinidwa ndi zithunzi zambirimbiri, ndipo zonsezo n'zabwino. Koma pepala limagona m'sutikesi. Munthu yemwe adavina paukwati wako saiwala, ndipo akamva kuti mwayambana m'nyumba amabwera osaitanidwa, poti ukwatiwo ndi wakenso.

Chachiwiri, nyimbo idali sukulu. Pali mawu omwe mpongozi sangauze mkamwini wake maso ndi maso, pakuti mwambo wathu umati awiriwa aziopana. Pali zina zomwe mayi sangauze mwana wake wamkazi popanda manyazi. Anamkungwi ndi amayi a m'mudzi ankaziika zimenezi m'nyimbo. Nyimbo inkadzudzula ulesi, kuumira, nsanje, kuledzera ndi mwamuna woyendayenda, anthu onse akuseka, koma wolakwa akudziwa mumtima mwake kuti mkondo walasa iye. Palibe ankachita manyazi, palibe ankakwiya, koma uthenga unkafika. Malangizo olankhulidwa pachimkuzamawu amalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Nyimbo imakhala m'mutu zaka makumi anayi, n'kudzakutulukira uli m'munda kapena pamtondo, tsiku lomwe ukuifuna.

Chachitatu, nyimbo inkalumikiza mabanja. Ukwati umakumanitsa anthu osadziwana, nthawi zina osiyana ndi chiyankhulo chomwe, aliyense akukayikira mnzake. Achewa achikamwini ndi Angoni a ku Mzimba olowola ndi ng'ombe amasiyana pa nkhani zikuluzikulu, monga komwe banja likakhale ndi mbali yomwe ana adzawerengedwe. Pachinkhoswe timapatsana tambala ndi msoti, timapereka khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko. Koma chomwe chimasungunula mitima ndi pomwe akuchikazi ayimba monyodola kuti mkamwini wabwera ndi thalauza lobwereka, akuchimuna n'kubwezera kuti mtengwa nsima yake ndi yamitanda yosapsa. Chipongwe chimenechi chikadangonenedwa pakamwa pakadabuka ndewu. Poti chadzera m'nyimbo, chimabala chibale. Ine ndi nkhoswe mnzanga wa ku Mzimba tidakumana kasanu pokonzekera ukwati uja, ndipo nthawi zonse tinkayankhulana ngati anthu ogulitsana ng'ombe. Tidagwirana chanza chenicheni titatuluka m'bwalo muja tikupuma mwawefuwefu.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chikundiwawa kwambiri, nyimbo inkapatsa wosauka malo. Paukwati wakale aliyense ankabwera ndi chomwe ali nacho: wina nkhuku, wina dengu la ufa, wina mtsuko wa thobwa, wina mtolo wa nkhuni. Yemwe adalibe kanthu ankabwera ndi mmero ndi miyendo yake, ndipo palibe ankati wabwera chimanjamanja. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Woyimba bwino, ngakhale adali wamasanza, ankachoka pabwalo dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Lero holo ya ukwati imagawa anthu pawiri, oimirira ndi okhala. MC amayamba ndi kuitana a K5,000 okhaokha, kenaka a K2,000, n'kumatsika choncho, maso a anthu onse akuwerenga yemwe wadzuka ndi yemwe sadadzuke. Mayi wakumudzi yemwe adagulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera basi amakhala atamanga K200 yake pansonga ya chitenje, akudikira nthawi yake, mpaka manyazi amugwira n'kusaimiriranso. Tamuitanira mtunda wonsewo kuti tidzaonetse umphawi wake pagulu.

Tisanamizane kuti perekaniperekani wa lero ndi mwambo wa makolo. Makolo ankadziwa kufupa. Munthu akavina mogometsa kapena akatsogolera nyimbo bwino, wina ankalowa m'bwalo n'kumuika kakobidi pamphumi kapena m'manja. Nyimbo inkatsogola, mphatso inkatsatira ngati kuthokoza. Ife tazitembenuza. Ndalama ndiyo ikutsogola, ndipo nyimbo ikuitanidwa ngati mnyamata waganyu woti akuse anthu kupita kulichero. Paukwati womwe mupiteko Loweruka likubwerali mukatchere khutu, muwerenge nyimbo zomwe ziyimbidwe kuyambira poyamba mpaka pamapeto osadulidwa. Zala za dzanja limodzi sizikatha. DJ akangoyamba, miyendo ya anthu n'kuyamba kumasuka, MC wakweza kale dzanja kuti idulidwe. Ayamba kuwerenga mayina, kuseka omwe aponya zochepa, kulengeza kuti akuchimuna aposa akuchikazi ndi ndalama zakutizakuti. Maola atatu amatha chotero, akwati ali chiimire, mapazi atatupa, nkhope zitauma ndi kumwetulira kokakamiza.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zomwe tikuzigwadirazo timazipondanso ndi nsapato. Pakona pa holo pamakhala tebulo la makashiya, omwe ntchito yawo ndi kuphwanya ndalama zikuluzikulu kuti munthu aponye timapepala tambiri ndipo aoneke nthawi yaitali. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri kuti kuponya ndi kupondaponda ndalama m'maukwati ndi m'zinkhoswe kumazing'amba msanga, ndipo kusindikiza zatsopano kumadya ndalama zakunja zomwe dziko likuzisowa kale. Munthu wofuna kuthandiza akwati akadaika mphatso yake mu envulopu. Woiphwanya kuti aimwaze m'mwamba akufuna maso a anthu, ndipo nyimbo yadulidwa kuti iye aoneke.

Ndikudziwa zomwe akomiti ayankhe, poti nanenso ndidayankhapo chomwecho. Ati ukwati ndi wodula, ndipo popanda perekaniperekani wautali ana athu ayamba banja ali m'ngongole. N'zoona kuti zinthu zakwera mtengo. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mpunga, mafuta ophikira ndi nsalu zidakwera nawo. Koma tadzifunsani, ngongoleyo yabwera ndi chiyani? Ng'oma ya mayi anga sidatilowetse m'ngongole. Zidatilowetsa ndi nsalu zokutira mipando, maluwa apulasitiki, mdipiti wa galimoto zobwereka, keke ya nsanjika zisanu yomwe zitatu mkati mwake mudalibe keke, madiresi osinthira ndi operekeza akwati 20. Timagula chionetsero pangongole, kenaka n'kugulitsa nthawi ya chisangalalo kuti tibweze ngongoleyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chepetsani zokongoletsazo ndi theka, muona kuti perekaniperekani wa ola limodzi akwanira.

Mliri wa Covid-19 udatiphunzitsa kanthu komwe taiwala msanga. Mu 2020 ndi 2021 boma lidachepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa kusonkhana pamodzi, ndipo maukwati ambiri adachitika ndi anthu ochepa. Kodi mphatso zidaleka kufika? Ofuna kupereka ankatumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kuakaunti ya kubanki ali kunyumba kwawo, ena ali ku Johannesburg, ndipo mpaka lero nambala zimenezi timaziona pamakhadi a ukwati. Ndalama, tsono, ingathe kuyenda pafoni Lachitatu m'mawa popanda holo, popanda MC. Chomwe sichingatumizidwe pafoni ndi nthungululu ya azakhali ako ndi fumbi la chimtali. Ngati pali chifukwa chosonkhanitsira anthu 300 m'chipinda chimodzi, n'chakuti achitire pamodzi chomwe sangachite ali payekhapayekha. Ife tikuwasonkhanitsa kuti agwire ntchito yomwe foni ikadagwira, n'kuwamana chomwe adabwerera.

Ena amanditsutsa kuchokera kumbali ina. Pali abale athu opemphera omwe amati ng'oma ndi gule paukwati n'zachikunja, ndipo madyerero a mkhristu ayenera kukhala ulaliki wachiwiri pambuyo pa wa m'tchalitchi. Ndimawalemekeza, koma Buku lomwe amanyamulalo silikuwavomereza. Salimo 45 ndi nyimbo ya ukwati wa mfumu. Mneneri Yeremiya, pofuna kufotokoza dziko lowonongeka kotheratu, kangapo konse adapereka chizindikiro chakuti mawu achisangalalo a mkwati ndi mkwatibwi sadzamvekanso. Ndipo pa Yohane 2 timawerenga kuti chozizwitsa choyamba cha Yesu chidachitika paukwati wa ku Kana, pomwe adapulumutsa madyerero omwe adatsala pang'ono kuzilala vinyo atatha. Mipingo yathu yambiri imayimba ndi ng'oma ndi maseche popembedza. Nanga ng'oma yomweyo imadetsedwa bwanji ikalira pothokoza Mulungu kuti mwana wakula n'kupeza banja? Ngati vuto ndi mawu otukwana ndi mavinidwe olaula, tidzudzule zimenezo, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuwomba m'manja.

Pakuti kunena zoona, chomwe chalowa m'malo mwa nyimbo zathu nthawi zambiri ndi phokoso chabe. Zokuzira mawu zazitali ngati nkhokwe zimatsegulidwa mpaka mawindo kunjenjemera, moti ankhoswe awiri okhala moyandikana sangamvane. DJ wosadziwa banja, wosafunsa n'komwe kuti akwatiwa kwawo n'kuti, amangotsegula fulashi yomwe adavinitsa nayo anthu kubala dzulo lake. Ndidamvapo nyimbo yotamanda chibwenzi chamseri ikulira akwati akudula keke. Ndidamvaponso nyimbo yachingerezi yotsanzikana pa chikondi chomwe chatha ikulandira akwati polowa m'holo, chifukwa palibe adamvetsera mawu ake. Tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi tikuphunzitsidwa kudula chiuno pamaso pa apongozi, akuluakulu n'kumatifupa. Chisangalalo chomwe ndikuchiteteza sichimenechi. Zonsezi zili ndi muzu umodzi: tidaleka kuona nyimbo ngati nkhani yoikhalira pansi, ndipo tidaisiya m'manja mwa aliyense yemwe watchipa.

Achinyamata nawo ati mdalayu akufuna kutibweza kumudzi, pomwe ife tikufuna amapiano a ku South Africa ndi afrobeats ya ku Nigeria. Vinani, ana anga, palibe akukuletsani. Kubwereka sikudayambe ndi inu. Beni wa Ayao, malipenga a Atonga ndi mganda adabadwa potsanzira perete ndi mabandi a asilikali, ndipo adafala kuno nkhondo ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918 itatha. Lero palibe amati magule amenewa ndi achilendo. Daniel Kachamba wa ku Chileka adatola kwela ali mnyamata ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo iye ndi mng'ono wake Donald adaisandutsa yathuyathu. Ngakhale nyimbo yomwe akwatibwi ena amalowera nayo m'tchalitchi ndi ya Mjeremani Richard Wagner, ya m'sewero lake Lohengrin la 1850, ndipo idatchuka m'maukwati mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain atakwatiwa mu 1858. M'seweromo ukwatiwo umasokonekera usiku womwewo, koma adafunsapo ndani? Kusiyana kwake n'kwakuti a Kachamba ndi ovina beni ankabwereka n'kuumba chawo, anthu onse n'kulowa m'bwalo. Ife tikubwereka n'kumangoonerera. Operekeza akwati amatha miyezi iwiri akuphunzira masitepe a pa TikTok, amavina mphindi khumi, ena tonse titakhala pamipando tikujambula ndi mafoni.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa konse ndidakumva kwa mwana wanga wamkazi. Iye adati, "Ababa, nyimbo zambiri zomwe mukuzilirazo zinkauza mkazi kuti apirire chilichonse, ngakhale kumenyedwa, ndipo zina zinkaperekeza tiatsikana tosakhwima kubanja." Adanena zoona. Nyimbo zotere zife ndipo tisadzazimvenso. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja, choncho ng'oma yolira paukwati wa mwana ndi ng'oma ya mlandu. Koma mankhwala a nyimbo yoipa ndi nyimbo yabwino. Nyimbo za makolo sizidagwe kumwamba. Adazipeka ndi amayi pamtondo, kuchitsime ndi kumunda, malinga ndi zomwe ankaziona, ndipo akupekabe. Mwa nyimbo zomwe amayi a ku Ntchisi aja adakonza, imodzi idali yatsopano, yopekedwa ndi mayi anga, yochenjeza mkamwini kuti mkazi wakeyo adapita kusukulu, ali ndi kwawo, ndipo dzanja lake lisadzamukhudze mwaukali. Holo yonse idaseka, mkamwini adagwada nawomba m'manja, abale ake onse akumva. Ndani wina akadanena zimenezo pagulu popanda kuwononga tsikulo? Tikawatseka pakamwa amayiwa, tataya ndi njira yomwe yokonzera zolakwika zakale.

Ndipo amayi omwewa sitiwachitira manyazi tikawafuna kwina. Kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda mpaka m'maboma a zipani zambiri, amayi athu akhala akuvinira andale m'misonkhano ndi pabwalo la ndege, dzuwa lili paliwombo, atavala nsalu za nkhope ya munthu yemwe sadziwa ndi dzina lawo lomwe. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndi tchopa wa Alhomwe mu 2014, monga chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo timanyadira tikamauza alendo. Magule athu tsono akhala oyenera wandale ndi mlendo, koma osayenera mwana wathu tsiku lalikulu la moyo wake. Gule wosungidwira alendo okha ndi gule wodwala. Malo ake enieni ndi pomwe anthu akusangalalira zawo.

Palinso ena omwe timawalakwira, ndiwo oyimba. Dziko lino lili ndi mbiri yochititsa manyazi yovina nyimbo za munthu n'kumusiya ndi njala. Allan Namoko, katswiri wosaona wa banjo wa ku Thyolo, adavinitsa dziko lonse kudzera pawailesi ya MBC, koma adamwalira mu 1995 ali wosauka. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adayimba kwa zaka zoposa 60, dziko lapansi n'kudzamudziwa atapitirira zaka 90, nyimbo yake ya Linny Hoo itafala pa intaneti. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti oyimba azipeza kanthu nyimbo zawo zikamagwiritsidwa ntchito pagulu, ndipo lamulo latsopano loteteza umwini wa luso lidadza mu 2016. Koma ndi makomiti angati a ukwati omwe adayamba afunsapo ngati nyimbo za mufulashi ya DJ zidagulidwa kapena zidangokoperedwa pamsika? Loweruka lililonse m'maboma onse a dziko lino mumachitika maukwati. Ukwati uliwonse ukadaitana bandi, kwaya kapena gulu la gule la m'deralo n'kulilipira moyenera, achinyamata ambiri akadapeza chochita. Alleluya Band ya ku Balaka, yomwe idayamba mu 1978 ndipo idatipatsa Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, idayambira pa anyamata omwe adapatsidwa mpata woyimba pamaso pa anthu akwawo. Woyimba amakula pomwe pali bwalo. Koma pabajeti ya ukwati wokongoletsa holo amalipidwa zonse pasadakhale, pomwe woyimba ng'oma amauzidwa kuti adya nawo mpunga.

Tsono kwa inu ankhoswe anzanga, apampando a makomiti ndi inu omwe mukukonzekera kulowa m'banja, ndikupempha izi. Perekaniperekani akhale ndi malire, ola limodzi basi, ndipo MC auzidwe asadalandire malipiro ake kuti sadzatchula mitengo kapena kupikisanitsa mabanja. Ikani dengu pakhomo ndi nambala ya foni pakhadi, kuti K200 ndi K50,000 zigwere malo amodzi popanda kulengezedwa. Mbali iliyonse ipatsidwe nthawi yake yolembedwa pandondomeko, zokuzira mawu zitazimitsidwa, kuti ivine zakwawo, kaya ndi chimtali, chioda, ingoma, beni kapena utse. Akwati ndi ankhoswe akhale pansi ndi DJ kudakali sabata, amvetsere nyimbo iliyonse ndi mawu ake, ndipo amuuze kuti nyimbo ikayamba ithe. Oyimba ndi ovina alowe pabajeti pamzere umodzi ndi ophika ndi ojambula. Ola lomaliza likhale la gule wa aliyense, akwati atatula lichero, wolemera ndi wosauka ali m'bwalo limodzi. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chikufuna lamulo la boma kapena thandizo lochokera kunja. Chikufunika ndi munthu mmodzi pakomiti wolimba mtima kuuza anzake kuti ayi.

Lero mukawafunsa akwati aja kuti perekaniperekani adabweretsa zingati, amayamba kutsutsana, ndipo zonse zidathera kubweza ngongole ya holo ndi galimoto. Koma kakanema ka mumdima komwe mnyamata wina adajambula pafoni magetsi atazima amakaonetsa mlendo aliyense wofika pakhomo pawo. Madzulo a tsikulo ndidaperekeza mayi kulole ndili ndi manyazi, ndipo ndidayamba kupepesa. Iwo adandidula nati, "Musadandaule bambo, mwana wathu tamuperekeza. Koma akadapanda kuzima magetsi aja, tikadangomutaya." Sindikufuna kuti agogo a mwana wina adzadalire kuzima kwa magetsi kuti aperekeze mdzukulu wawo. Mdzukulu wotsatira akamadzakwatiwa ndondomeko ndidzalemba ndine, ndipo dzina la amayi akumudzi lidzakhala pamzere woyamba. A MC adzadikira.